Nkhope Zosagulitsa Sopo

Mumsewu wopita kumsika mulibe khoma lomwe Mayi Penti sanaligwirepo. Ng'ombe yonenepa ya pakhomo pa butchala anajambula ndi iwo. Mitu ya anyamata ometa bwino ya pamalo ometera ndi yawo, nkhuku yovala chipewa ya palesitilanti ndi yawonso. Dzinali linachokera kuzigongono zawo, zomwe sizinkatha utoto ngakhale asambe bwanji.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo awo, omwe anali olemba zikwangwani. Bambowo maso atayamba kuchita mdima, iwo anangonyamula makwerero ndi zitini n'kupitiriza. Koma zonse zomwe ankajambula zinali zouzidwa. Mwini sitolo ankangoti, "Mayi, mundijambulire mzimayi akuseka, mano onse pamtunda, atanyamula sopo." Iwo ankajambula, osawiringula.

Utoto ukatsala m'chitini, ankajambula zawozawo pamakatoni: anthu odikira basi, gogo wogulitsa malasha, mwana wawo wamkazi akuluka tsitsi. Koma katoni si chinthu chosunga nkhope. Utoto unkang'aluka, nthawi yamvula makatoniwo ankachita nkhungu, ena ankadyedwa ndi makoswe.

Tsiku lina akulemba chikwangwani cha palaibulale, anayala katoni imodzi pansi kuti utoto usadonthere pasimenti. Mayi woyang'anira laibulaleyo anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Wajambula izi ndani?"

"Ndine. Ndimangoseweretsa manja."

"Ndiye mukupondapo? Mayi, pali bungwe lomwe limapereka kathandizo kochepa kwa aluso ngati inu. Si kambiri ayi, koma yesani."

Mayi Penti anatumiza zithunzi za makatoniwo pafoni ya mwana wawo, osayembekezera kanthu. Yankho litabwera kuti asankhidwa, amuna awo, omwe amayendetsa lole, anayang'ana kudenga komwe kunkadontha.

"Mayi a ana, malata aja tsopano apezeka."

"Ayi, bambo. Denga tidzakonza ndi ng'ombe za pabutchala. Ndalama izi ndi za chinsalu chojambulapo."

"Chinsalu tidzafunda mvula ikamagwa?"

"Tidzatchera ndowa monga mwa masiku onse."

Amuna awo anangopukusa mutu. Ankawadziwa akazi awo.

Mayi Penti anagula chinsalu chenicheni, utoto wa m'machubu ndi maburashi opyapyala. Kalipentala anawakhomera mafulemu. Mlamu wawo, telala, anawabwereka kachipinda ka kuseri kwa shopu yake, ka zenera limodzi loyang'ana kummawa. Eni masitolo anauzidwa kuti ofuna zikwangwani azibwera masana, chifukwa mmawa wonse unali wa kachipindako.

Chiyambi chake chinali chowawa. Utoto wa zikwangwani umauma msanga, koma wa m'machubuwu unkakhala wonyowa ngati ukuchita dala. Akathamangira kupaka wina pamwamba, zonse zinkasanduka matope. Anafunika kuphunzira kudikira, chinthu chomwe dzanja lawo silinkachidziwa.

Atamaliza chithunzi choyamba, cha mayi wosesa mumsika, anaitana mlamu wawo. Telala analowa tepi ili m'khosi, n'kuima manja m'chiuno.

"Alamu, n'zokongola ndithu. Koma ameneyu akugulitsa chiyani?"

"Sakugulitsa kanthu. Ndi amayi osesa aja."

"Aaa! Amayi aja mano onsewa anawatenga kuti? Ine ndimayesa mwaiwala kulemba mtengo wa tsache m'munsimu."

Mayi Penti sanaseke. Telala atatuluka, anakhala pa chitini n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mlamuyo sananame. Masaya osalala, maso owala, kumwetulira kwa pakhoma la sitolo. Dzanja lawo linali litazolowera kukometsera anthu. Anatenga utoto woyera n'kufufuta nkhope yonse.

Mmawa mwake anapita kumsika kukapempha mayi wosesayo kuti azibwera kudzakhala pampando akaweruka.

"Ine? Ndi makwinya angawa? Jambulani atsikana, mwanawe."

"Makwinyawo ndi amene ndikuwafuna, amayi."

Mayiyo anabwera atavala bulauzi yawo yabwino, nakhala pampando atawongoka ngati akujambulitsa chiphaso, milomo ataikoka.

"Musamwetulire, amayi. Ingokhalani."

"Ndikhale bwanji? Ndikwiye?"

"Mundiuze za miyendo yanu ija mumati ikupweteka."

Nkhani ya miyendo inatenga nthawi. Inadutsa pa mawondo, inafika pa mkamwini wawo waulesi, inakathera pa anthu otaya makoko a nthochi pamalo omwe angosesedwa kumene. Kenako, chifukwa cha kutopa ndi phokoso la makina osokera, mayiyo anayamba kusinza, tsache lili pamiyendo. Mayi Penti anagwira burashi mwakachetechete. Apa ndi pomwe anaona kuti khungu la munthu si mtundu umodzi. Pachipumi panali kufiira, m'munsi mwa maso munali kabuluu, ndipo tsaya loyang'ana kuzenera linali litatengako kubiriwira kwa khoma.

Pambuyo pake anakhala pampandopo wowotcherera zitsulo, namwino wobwera kuchokera kuntchito, ndi telala mwiniwake, yemwe ankadandaula kuti mphuno yake aikulitsa dala pobwezera. Zithunzi zina zinakanika ndipo anazifufuta. Zina zinatsala.

Mayi wa kulaibulale uja anawapatsa khoma la m'chipinda chowerengera kuti apachikepo zomwe zinatsalazo. Anthu anabwera, ambiri a iwo a mumsewu womwewo. Mayi wosesa anafika ndi zidzukulu zawo, n'kuima patsogolo pa chithunzi chawo.

"Mwandikalambitsa, mwanawe. Ndiponso mwandigwira ndikugona pantchito."

"Ndichotse, amayi?"

Mayiyo anasisita chibwano.

"Chisiyeni. Ndine amene."

Chithunzi chimodzi chokha ndi chomwe chinagulidwa, cha wowotcherera zitsulo. Kathandizo kaja kanali katatha kale, ndipo machubu ena anali atafinyidwa mpaka kupindika. Amuna a Mayi Penti anafunsa ngati tsopano abwerera ku makwerero tsiku lonse.

"Masana okha, bambo. Kachipinda kaja sindikutulukamo."

Mpaka lero amatero. Mmawa akapereka moni kwa telala, amalowa kuseri n'kutseka chitseko. Panopa akulimbana ndi manja. Akuti nkhope ayamba kuzimvetsa, koma zala zikuwatulukirabe ngati soseji. Wophika buledi wa pakona wavomera kumabwera akaphula buledi mu uvuni, ufa uli m'zikhadabo, kudzaika manja ake patebulo. Afufuta kale kangapo, ndipo chinsalu china chili pafulemu, chikudikira.