Nsapato za Aphunzitsi Chimwaza

Dzulo pamsika wa ku Boma ndinamva wosoka nsapato akukhomerera kachitsulo kuchidendene, ndipo ndinakumbukira a Chimwaza, aphunzitsi athu a ku Chifunga.

Iwo anali atavinapo m'mahotela a ku Joni asanayambe uphunzitsi. Nsapato zawo zinali ndi zitsulo kunsi, ndipo akamavina pasimenti ya m'kalasi zinkalira ngati matalala padenga la malata. Ine ndinkakhulupirira kuti nsapatozo zinkavina zokha, eni ake ankangozitsatira.

Tikaweruka ankatiphunzitsa kavinidweko. Poti tinalibe nsapato, tinkamangirira zitsekerero za mabotolo kumapazi ndi luzi.

Tsiku lina kunabwera abambo awiri achipani n'kuima pakhomo.

"Kodi gule ameneyu akutamanda ndani?" anafunsa mmodzi.

"Satamanda munthu, bwana. Ndi mapazi basi," anayankha a Chimwaza.

Sabata yotsatira tinapeza m'kalasi muli aphunzitsi ena. Amayi anandiuza kuti a Chimwaza apita kokonzetsa nsapato, ndipo ndisafunsenso. Ndinadikira chaka chathunthu, ndikudabwa kuti nsapato zingavute chotani kukonza.

Ndinali nditakwatiwa kale pamene ndinazindikira kuti yankho lawo lija ndi limene linawatengetsa, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene anathera.