Mkulu Wosadulidwa wa ku Kawangware

A Reuben Chikuse analowa mu Nairobi m'chaka cha 1991 ali pa chiwongolero cha galimoto ya munthu wina, ndipo mpaka tsiku lobwerera kwawo ku Mponela sanakhalepo ndi galimoto yawoyawo. Bwana amene anawatenga anali Mmalawi mnzawo, wogwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, wokhala ku Muthaiga m'nyumba ya mpanda wautali. Bwanayo atasamutsidwira ku Ulaya anawasiyira Mmalawi wina, monga munthu amasiyira mnzake firiji posamuka, ndipo winayo naye anadzawasiyira wina. A Reuben sanadandaule. Anaitanitsa akazi awo a Eneles ndi ana, napeza zipinda ziwiri za malata ku Kawangware.

Amalawi a mu Nairobi anali ndi mapemphero awo a pamwezi, nthawi zambiri ku Karen, pa kapinga wometedwa bwino. A Reuben anapitako maulendo owerengeka. Kumeneko ankapemphera m'Chichewa, inde, koma ikakwana nthawi ya tiyi wina ankawaponyera makiyi. "Achimwene, tasunthaniko galimoto yanga ija, yatsekereza anthu." Bambo wa zaka makumi anayi, wodziwa nyimbo zonse za mpingo pamtima, dzina lake linali dalaivala wa auje. Anasiya kupitako.

Mpingo wawo weniweni unali katchalitchi ka malata kuseri kwa msika wa ku Kawangware, komwe mvula ikagwa mlaliki ankachita kukuwa. Ambiri mwa anthu ake anali Akikuyu ndi Aluhya. Chiswahili cha a Reuben chinali chokhotakhota, koma palibe amene ankawaponyera makiyi. Ankawatcha Mzee Malawi, ndiye kuti mdala wa ku Malawi. Denga likadontha ankakwera ndi iwo, maliro akagwa ndi iwo ankadziwa kokapeza lole. Analinso ndi bwenzi, a Gathogo, mkulu wa mpingo wogulitsa matabwa ndi misomali. Lamulungu lililonse a Gathogo ankadya nkhomaliro kwa a Chikuse, kusamba m'beseni limodzi, kupisa m'mbale imodzi ya nkhwani wotendera, mpaka anaphunzira kunena kuti zikomo kwambiri amayi. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha chomwecho. Mu 2003 a Gathogo omwewo ndi amene anapereka dzina la a Reuben kuti aikidwe ukulu wa mpingo pa Pasaka wotsatira. A Eneles anathamangira kukasoketsa jekete.

Tsono mpingowo unali ndi mwambo wake wa mu Disembala. Anyamata akalemba mayeso a Sitandade 8 ankawasonkhanitsa pa sukulu ina kwa sabata ziwiri, dokotala n'kudzawachita mdulidwe, akuluakulu n'kumabwera masana kudzawalangiza. Cholinga chake chinali chabwino, kuti ana asamatengeredwe kumitsinje kwa anthu odula khamu lonse ndi mpeni umodzi. A Reuben ana awo anali aakazi okhaokha, choncho nkhaniyi inkangowadutsa. Chaka chimenecho anawapempha kuti akalangize nawo, poti ukulu unali pafupi.

Analankhula bwino ndithu, za mowa, za kulemekeza amayi, za ulesi. Pomaliza, mmodzi mwa alangizi anafunsa mwansangala, "Mzee Malawi, auzeniko anawa za kwanu. Inuyo anakuchitani muli ndi zaka zingati?"

Munthu wochenjera akanaseka n'kusintha nkhani. A Reuben analibe kuchenjera kwa mtundu umenewo.

"Kwathu ku Dowa sitichita," anatero. "Amachita ndi anzathu a ku Mangochi. Ine ndili mmene ndinabadwira."

Alangizi m'kalasimo anayang'anizana. A Reuben anayang'ana kwa a Gathogo kuti mwina alakwitsa Chiswahili, koma a Gathogo maso anali pa nsapato zawo.

Pofika Lamulungu nkhani inali itazungulira msika wonse. Akikuyu ali ndi liwu lakuti kihii, la mnyamata wosadulidwa, ndipo kutchula choncho munthu wa imvi ndi kumuvula pagulu. Liwulo linayamba kuwatsata a Reuben pokwera maminibasi otchedwa matatu, pogula makala, ngakhale pakhomo pa tchalitchi chimene denga lake anakhoma ndi manja awo. Dzina lawo linachotsedwa pa mndandanda wa oikidwa, popanda wowauza pamaso. Lamulungu limenelo a Eneles anavundikira mbale ya a Gathogo mpaka dzuwa kupendeka, koma mwini wake sanabwere.

Anabwera Lachitatu, naima panja, kutsidya kwa ngalande.

"Lowani, ndugu," anatero a Reuben, poti ankatchulana choncho m'Chiswahili, kutanthauza m'bale.

"Ndathamanga. Tamverani, nkhaniyi ndi yaing'ono. Ndikudziwa dokotala wina ku Dagoretti, mphindi makumi awiri basi. Mupemphe tchuthi cha sabata imodzi. Ine ndiuza anthu kuti zatheka, pa Pasaka muvala jekete yanu."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, a Gathogo."

"N'chifukwa chake ndikuti zichitike mwakachetechete."

"Ubatizo wanga waperewera pati?"

"Si za ubatizo izi. Koma amuna sangakhale pansi n'kumamvera..." Sanamalize.

"Malizani. Mwadya m'mbale mwanga zaka khumi ndi ziwiri. Chasintha ndi mbale kapena ine?"

A Gathogo anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina akumva, nabwerera.

A Reuben anapsa mtima, kupsa kwenikweni kosowetsa njala. Ku Muthaiga ankatsuka galimoto ya bwana ngati akuimenya. Anakwiyira a Gathogo, anakwiyira mlangizi wofunsa uja, koma mkwiyo wowawitsitsa unadza ataona a Odundo. Awa anali Mjaluo wosoka nsapato, amene ankakhala pa benchi yakumbuyo kuyambira tchalitchi chisanakhale ndi zitseko. Ajaluo nawo pa mwambo wawo sachita mdulidwe. Pa mpingowo panali pasanakhalepo mkulu wa Chijaluo ngakhale mmodzi, ndipo a Reuben zaka zonsezo sanadzifunsepo chifukwa chake. Ankangokhala kutsogolo atatambalala, poti anthu ankawayesa mnzawo. Manyazi amenewo analibe womuloza chala, anali awoawo.

Lamulungu lotsatira anakakhala pa benchi yakumbuyo ija. "Takulandirani kumbuyo kuno, Mzee," anatero a Odundo akuwasunthira malo. "Mphepo imapita bwino."

Abusa anali wachinyamata, ongochoka kumene ku sukulu yaubusa, ndipo nkhaniyi anayamba aizemba. Koma a Reuben anawakhalira pakhomo mpaka mu Febuluwale anaitanitsa bwalo la akulu. Anakumana m'tchalitchi Loweruka masana, malata akuthetheka ndi dzuwa.

A Reuben sanapemphe chifundo. Anaimirira, Baibulo lili chitsekere m'manja, poti nkhani yake ankaidziwa kuyambira ku Sande sukulu.

"Mlandu uwu si wa lero," anatero. "Akhristu oyamba anali Ayuda, odulidwa onse. Kenako anayamba kulowa amitundu ina, anthu onga ine, ndipo ena anati awa ayambe adulidwa. Sananong'onezane kuseri ayi. Anakhala pansi ku Yerusalemu, anakangana mpaka kutopa, n'kulemba kalata yoti anthuwa asasenzetsedwe katundu ameneyu. Ndipo Petro, amene ankadya bwinobwino ndi amitundu ku Antiokeya, ataona alendo ochokera kwawo anasuntha mbale yake. Paulo sanamutengere kuseri kwa nyumba. Anamudzudzula pamaso pa onse." Apa anatembenuka. "A Gathogo, mbale yanu mwasunthira kuti?"

M'malo mwa a Gathogo anayankha ndi mkulu wina wokalamba wa Chiluhya, munthu wofatsa amene sananyozepo a Reuben.

"Mzee, ife sitikunena za kumwamba. Kumwamba mukalowa, mwinanso kutitsogolera. Tikunena za pansi pano. Mwana wanga anapirira mpeni, ndinamuuza kuti tsopano ndi mwamuna. Akalakwa, ndikamukhazike pamaso pa ndani?"

"Pamaso pa munthu wosanama," anatero a Reuben. "Ndikananama m'kalasi muja, lero bwenzi mukundiyeza jekete."

Anakangana mpaka madzulo. Pomaliza abusa anagamula monga anagamulira akale aja, aliyense ataye pang'ono. Dzina la a Reuben libwerere, liwu lonyoza lija lisamvekenso pa mpingo, koma iwo asamapite kokalangiza anyamata a mu Disembala. Manja ovomera anaposa okana ndi limodzi lokha. A Gathogo sanakweze dzanja mbali iliyonse. Mawa lake kalata inawerengedwa m'tchalitchi, anthu n'kuvomera kuti amen.

Kulemba kalata n'kosavuta, ndipo amen amatuluka pakamwa pa aliyense. Pa Pasaka wa 2004 a Reuben anavala jekete yawo naikidwa ukulu, a Eneles akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Tsiku lomwelo kunali mgonero. Pa mpingowo akulu ankanyamula mathireyi a tizikho n'kumayenda benchi ndi benchi, amayi kumanzere, abambo kumanja. Abusa, mwina mwa kulimba mtima mwina mwa chibwana, anapatsa a Reuben mbali ya abambo. A Gathogo tsiku limenelo anati mwendo ukuwawa sanganyamule nawo, nakhala pa benchi yachitatu pakati pa abambo ena.

Pa benchi yoyamba anatenga awiri okha, ena anapinda manja. Pa yachiwiri wina anadzuka kukaima kumbuyo kwa mkazi wake kuti alandirire kwa mkulu wa mbali inayo. A Reuben anafika pa a Gathogo, naima.

A Gathogo manja anali atawapanikiza pakati pa mawondo. Kwaya inamaliza nyimbo, niyambanso yomweyo. A Reuben anawasendezera thireyi pafupi.

"Si changa ichi, a Gathogo," anatero motsitsa mawu. "Ine ndangonyamula."

"Pitirirani, ndugu. Anthu akuona."

"Ndikufuna aone."

Nyimbo inathanso kachiwiri, manja aja osasuntha. Abusa anakhosomola, a Reuben napitirira.

Anakhala mkulu zaka zisanu. Anali mkulu wovuta, wosachedwa kukalipa, ndipo pa bwalo sankalola nkhani kudutsa mwa manong'onong'o. Ndi iwo anaumirira chaka ndi chaka mpaka a Odundo anaikidwa ukulu mu 2007. Abambo ambiri anatopa ndi kupinda manja, anayamba kutenga kachikho mmodzimmodzi, ena akuyang'ana kumbali. A Gathogo okha ayi. Mwendo wawo unkawawa tsiku la mgonero lokha, ndipo mgonero uliwonse a Reuben ankaima pamaso pawo mpaka nyimbo itathe. A Eneles anawachonderera kangapo kuti amusiye munthuyo, mtima ungawaphe. Iwo ankayankha kuti akamulambalala tsiku limodzi ndiye kuti avomera.

Mu 2009 bwana wotsiriza anasamuka, ndipo panalibenso Mmalawi wowasiyira. A Chikuse anamanga katundu. Lachisanu lomaliza, ali pakati pa makatoni, anamva odi pakhomo. Anali a Gathogo, atakalamba, chipewa chili m'manja. Ulendo uno anawoloka ngalande nalowa m'nyumba.

"Ndamva kuti mukupita," anatero. Anakhala pa katoni, nayamba kulira ngati mwana. "Ndinakulakwirani, ndugu. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku loyamba. Koma abale anga, makasitomala anga, mukudziwa mmene anthu alili. Mundikhululukire tisanasiyane."

A Reuben anawayang'ana nthawi yaitali. Ankamukondabe munthuyu, ndipo n'chimene chinkawakwiyitsa koposa.

"M'nyumba muno ndinakukhululukirani kalekale," anatero. "Koma simunandikanire m'nyumba muno. Mgonero uliko mkuja. Ine basi yanga ndi ya Lolemba."

A Gathogo anagwedeza mutu, napukuta maso, nalonjeza.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, poti anthu anabwera kudzatsanzikana ndi Mzee Malawi. A Reuben ananyamula thireyi, nagawira benchi yoyamba, nagawira yachiwiri. Pa yachitatu malo a a Gathogo anali opanda munthu. Anaima pamenepo mpaka nyimbo inatha, kenako anapitirira kwa wotsatira.