Moni wa ku Misuku

Anthu ndinkawauza kuti ndikupita ku Misuku chifukwa cha khofi. Zoona zake n'zakuti ndinkatsatira mtsikana wina wa m'kalasi mwathu ku yunivesite, amene kwawo kunali kumeneko.

Matipate anali atangoyamba kumene, aliyense atamasuka pakamwa, mavenda nawonso atamasuka pa sikelo. Mtsikanayo ndiye anabwera ndi nzeru yoti ife ophunzira zamalonda tisamangoloweza za m'mabuku. Anati tiyambitse kagulu, tizigula khofi kwa alimi a kwawo pa mtengo wogwirizana nawo maso ndi maso, tizikazinga tokha n'kumagulitsa m'tauni, phindu lina lizibwerera kumudzi. Tinkati malonda achilungamo. Ine ndinali woyamba kukweza mkono, chonsecho mtengo wa khofi ndinali ndisanauonepo. Kwathu ndi ku Thyolo, kwa tiyi.

Pa holide tinakwera lole pa boma la Chitipa, n'kufika madzulo matupi ataphwanyika. Kutacha, ndikusukusula, bambo ake a mtsikanayo anatulukira atavala majombo, nandiyang'ana n'kuti, "Mwaghona!"

Ine ndinamva kuti mwagona. Manyazi anandigwira. "Ayi bambo, ndadzuka kalekale," ndinatero.

Mawa lake ndinalawirira, nkhungu ya ku nkhalango ya Mughese idakali pakhomo, mano akugundana. Koma amayi onyamula madengu, abambo a makasu, aliyense wokumana naye m'kanjira, mawu ake anali omwewo. Ndinapsa mtima. Ndinam'peza mtsikanayo pa matandala oyanikapo khofi n'kumufunsa, "Kodi anthu akwanu andiona ngati mlesi?"

Anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba. "Ndi moni, iwe! Uziyankha kuti ena, mwaghona. Ena ndiye kuti inde. Komanso mvetsetsa, si ga wolimba wakwanuyo ayi. Wathu ndi wofewa, amachokera kukhosi." Anandibwerezetsa mawuwo kufikira misozi itatuluka m'maso mwake, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo unali moni wake kwa ine m'mawa uliwonse.

Ntchito inatiphunzitsa zimene aphunzitsi sanatiuze. Tinkathyola zipatso zofiira zokhazokha, zoyandama pamadzi n'kutaya. Pokambirana mtengo alimi sanatinyengerere ayi. Mayi wina anatidula pakamwa nati, "Chilungamo chanucho tachimva, ŵana ŵithu. Kweni chaka chamawa mubweraso?" Khofi woyamba kukazinga tinamusandutsa makala. Wachiwiri atatheka tinawapatsa alimi kuti alawe, pakuti ambiri anali asanamwepo khofi wolima okha. Bambo ake a mtsikanayo anachita tsinya, n'kuthiramo shuga wambiri, n'kupempha wina.

Koma chimene ndimachisowa mpaka lero ndi masana a pa matandala. Tinkatembenuza khofi ndi manja, iye mbali iyo, ine mbali ino, zala zathu n'kumakumana pakati. Ndinkamukonda, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndimuuza mawa. Ndinkadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lochoka, tikudikira lole, anandiuza chapansipansi, "Ine ndikamaliza sukulu ndibwerera kuno. Nanga iwe?"

Ine, munthu wophunzira, ndinayamba kumufotokozera za kufunika kopeza msika wodalirika ku Blantyre. Anangogwedeza mutu n'kunyamula chikwama chake.

Tinamaliza sukulu. Kagulu tinakasiya m'manja mwa otitsatira, iye anabwereradi kwawo kukathandiza alimi kuyendetsa okha malondawo, ine ndinapeza ntchito ku Blantyre. Ndinkati ndiyambe ndapeza nyumba, kenako ndinati ndiyambe ndagula mipando. Zaka zinadutsa choncho. Ndikaona paketi ya khofi wa ku Misuku m'sitolo ndinkainunkhiza ngati wamisala, mtima uli kumapiri.

Potsiriza ndinalimba mtima. Ndinagula chitenje chokongola, ndinakwera basi ya Karonga, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu oti ndikanene. Ndinafika m'mawa, nkhungu isanachoke. Bambo aja anali atamera imvi, koma anandizindikira, nandilozera ku matandala.

Mtsikana uja anali pomwe paja, akutembenuza khofi, mwana ali kumsana. Mbali imene ndinkaima ine kunali mwamuna wamtali, manja ake ali m'khofi momwemo. Mtsikanayo atandiona anaima, napukuta manja pa chitenje chake. Anayang'ana kaphukusi kanali m'khwapa mwanga, kenako anandiyang'ana m'maso. Sananenenso kuti iwe.

"Mwagona," anatero.

Sanali ga wofewa wa kukhosi uja. Anali wolimba, wakwathu ku Thyolo, ndipo ulendo uno ndinamva bwinobwino.

"Ena," ndinayankha.