Mbande za a Fernando

A Fernando anafika pa Mangochi boma m'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inkakhuthulira anthu m'malire muno. Anzawo ambiri anatsala cha ku Namwera kumadikira ufa ndi nandolo wa othawa nkhondo, koma iwo anatsika phiri, chifukwa kukhala manja lende kunkawadwalitsa. Kwawo anali wosamalira munda wa mitengo ndi maluwa wa pakati pa tauni, pamene anthu ankapumulapo masana. Ntchito ina sankaidziwa, ndipo kunena zoona sankafuna kuidziwa.

Ganyu amene anapeza anali wotungira madzi amayi ogulitsa nsomba kuseri kwa msika. Malowo anali mbee, mitengo itatha kalekale ndi owamba nsomba ndi owotcha njerwa. Dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa, silichita nthabwala. Likafika paliwombo chambo chinkayamba kununkha, amayi atafunda zitenje kumutu, makanda akulira kumsana. Zimenezi zinkawawawa a Fernando. Tauni yopanda mtengo, ankatero, n'chiwaya chokazingira anthu.

Choncho anayamba kutola nthanga za mango zimene anthu ataya, n'kumazimeretsa m'zitini kuseri kwa kachipinda kawo. Mvula itagwa anabzala mbande mzere umodzi m'mphepete mwa malo a nsomba aja. Sanafunse munthu. Kwawo wobzala mtengo m'tauni ankamuthokoza, ndiye akanafunsanji?

Sabata isanathe mbande zonse zinali zitazulidwa. A Fernando anatukwana mbuzi za pamsika m'Chipwitikizi mpaka kukhosi kuuma, n'kubzala zina, n'kuzitchingira ndi minga. Nazonso zinapita, koma ulendo uno minga ija anaipeza itaunjikidwa bwinobwino pambali. Kodi ndi mbuzi yanji imene imasanja minga?

Lachisanu lina masana, amuna atapita kumzikiti, a Fernando anabwera ndi ndowa zawo kuchokera ku Shire n'kupeza a Alima atawerama, akuzula mbande yomaliza. A Alima anali mkulu wa amayi a nsomba, ndipo malowo anali a mbumba yawo kuyambira msika usanafike kumeneko. Sanabise n'komwe.

"Mayi, mtengowo wakulakwirani chiyani?" anafunsa a Fernando.

"Mtengowu sunalakwe, Che Fernando. Koma kuno wobzala mtengo ndiye mwini malo. Mwamuna wanga amene, wobereka naye ana, sabzala pa nthaka ya mbumba yathu. Nanga inu obwera dzulodzuloli?"

A Fernando analumbira kuti malo sakuwafuna, akufuna mthunzi basi, kuti nsomba zisamavunde ndipo ana asamapse. A Alima anavomera kuti dzuwalo likuwapha ndithu. Koma anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene mango amakhala mpaka zidzukulu. Tsiku lina ana a Fernando adzabwera, n'kuloza mtengo, n'kunena kuti apa m'pa bambo athu. Pamenepo iwo adzayankha chiyani?

A Fernando anakwiya mwezi wathunthu, akutunga madzi osalankhula ndi munthu. Koma dzuwa silinakwiye nawo, linangopitiriza ntchito yake. Mapeto ake amene anagonja ndi a Fernando. Anagwirizana kuti a Fernando azikumba maenje ndi kuthira ndowe, ndipo a Alima aziika mbande m'dzenje ndi dzanja lawo, anthu akuona. Zotsala zonse zinali za a Fernando: kuthirira, kupirikitsa mbuzi, kukangana ndi odula nkhuni amene ankadutsa ndi zikwanje akuyang'ana m'mbali.

Mitengo inakula. Amayi anayamba kulimbirana malo a pamthunzi, nsomba zikufika madzulo zisanavunde, odikira basi nawonso akubwera kudzakhala pomwepo. Dzina la malowo linamveka tauni yonse: pa mango a Alima. A Fernando akamva dzinalo ankangosenza ndowa zawo. Zinkawapweteka, ndipo sankabisa kuti zikuwapweteka.

Mtendere utabwera kwawo, malole anayamba kutenga anthu kubwerera. Chaka chomwecho mitengo ija inabereka koyamba. Tsiku loti anyamuka mawa lake, a Fernando anapita kukatsanzika, koma anapeza a Alima atapita kumaliro ku Katuli. Anaima pansi pa mtengo wakumapeto, umene unawavuta kwambiri ndi chiswe, n'kukoka nthambi kuti athyole bango limodzi lodyera m'njira.

Pansi pa mtengowo panali mayi wina, Asiatu, woyamba kumene malonda pamsikapo. Anawayang'ana bambo wachilendoyo kuyambira kumapazi.

"Bambo, mwapempha kwa eni ake?"

Eni ake anali ku Katuli. A Fernando anasiya nthambi ija pang'onopang'ono kuti bango lisagwe, n'kupita kukamanga katundu.