Tsiku Limene Bambo Anatsika Panjinga

Ndikamva fungo la masamba onyowa ndimaona msana wa bambo anga. Ndinakulira kuseri kwa msana umenewo, pakaliyala ya njinga yawo yakuda, pomwe mayi anasokerapo kapilo ka chitenje. M'mawa uliwonse bambo ankandikweza, n'kudutsa m'paki ya m'mphepete mwa mtsinje mumzinda wa South Bend ku America, n'kunditula kusukulu, iwo n'kupitirira kuchipatala komwe ankagwira ntchito. Anzawo akumudzi ankawaseka kuti anawoloka nyanja kudzayamba kabaza.

Chaka china, masamba atayamba kufiira, khonsolo inazika chikwangwani choletsa kupalasa njinga m'pakimo. Njira yotsala inali msewu waukulu, ndipo mayi ananenetsa kuti mwana wawo sadzapikisana ndi magalimoto ali pakaliyala. Lamulolo likapanda kusintha, ndiye kuti ndiyamba kukwera basi. Ine sindinkafuna n'komwe kumva za basiyo.

Choncho Loweruka lina tinalowa nawo zionetsero za anthu a njinga zotsutsa lamulolo. Pangano linali lakuti tonse tipalase mpaka m'pakimo tikuliza mabelu, apolisi aone chochita. Bambo, munthu wosadziwa kuchedwa, anapezeka kutsogolo. Titayandikira chipata, patchalitchi cha pafupi panatuluka galimoto ya maliro. Bambo anagwira mabuleki, n'kunditsitsa, n'kuvula chipewa.

"Anthu akudikira!" ndinawanong'oneza m'Chingerezi.

"Sitidutsa maliro tili panjinga, mwanawe," anatero. "Olo akhale a munthu wosamudziwa."

Anthu a m'mbuyo mwathu anayesa ndi pulani, nawonso anatsika. Mabelu onse anangoti zii. Galimoto ija inkayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa paki, ndiye bambo sanakwerenso. Khamu lonse linadutsa likukankha njinga, zomwe lamulo silinkaletsa, apolisi n'kumangotiyang'ana manja ali m'thumba. Ndinawakwiyira koopsa bambo poona kuti asokoneza zionetsero. Lamulo silinasinthe. Chisanu chisanafike ndinayamba kukwera basi, ndipo pakaliyala paja sindinakhaleponso.

Bambo tinawaika ku Indianapolis, ine ndili wamkulu kale. Popita kumanda ndinkasuzumira pazenera la galimoto, kufunafuna chimene ndinkadziwa kuti kulibe. Anthu a njinga ankatipitirira ngati tikupita kumsika. Sindiwaimba mlandu, poti palibe anawaphunzitsa. Koma mtima umandiwawa mpaka lero kuti munthu amene anatsikira maliro a mlendo, pa maliro ake panalibe ndi mmodzi yemwe womutsikira.