Msika Umene Sunamangidwe

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya June, nthawi imene manachesi amadzaza m'mbali mwa msewu wonse wa ku Mwanza. Foni inalira ndili pa kabaza. Anali mlembi wa ku ofesi kwathu. "Akukufunani abwana. Mubwere ndi mabuku anu onse a ziphaso." Ndinamuuza wakabaza kuti atembenuke, ndipo anandilipiritsa ulendo wonse ngakhale tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Ntchito yanga inali yodula ziphaso zamumsika, kutolera msonkho wa khonsolo kwa amayi a tomato ndi anyamata a kaunjika. Si ntchito yokondedwa nayo. Ukamafika, anthu amayang'ana kumbali ngati kwabwera mlamu wopempha. Malo anga anali kamsika kena panjira ya ku Thambani.

Zaka ziwiri m'mbuyomo khonsolo inatenga ngongole kubanki kuti imange msika wabwino pamalopo. Ngongoleyo inayenera kubwezedwa ndi ndalama za ziphaso, choncho chiphaso chinakwera mtengo tsiku lomwe anasaina. Pulani yake anaipachika pakhoma la ofesi: malata obiriwira, mabenchi a simenti mizere inayi, mpopi pakati, zimbudzi kumbuyo. Ine ndinkaikonda pulani imeneyo, ndisaname. Ndikabwera kudzapereka ndalama ndinkaima n'kumaiyang'ana. Koma pamalo penipenipo panangobwera zikhomo zinayi ndi lole imodzi ya mchenga, umene mvula yoyamba inakokolola. Amayi anapitiriza kugulitsa pansi, pamasaka, dzuwa lili pamutu.

Abwana anandilandira ndi ulemu umene ndinali ndisanauonepo. Anati kukubwera anthu ofufuza za ndalama kuchokera kulikulu, ndipo anthuwo sakonda misewu yafumbi, amakhulupirira mapepala. Anandikankhira pepala. Linkanena kuti ine, wodula ziphaso pamsika watsopano, ndikutsimikiza kuti msikawo unamangidwa ndipo ukugwira ntchito.

Pakamwa panga sipachedwa, ndi matenda anga chibadwire.

"Bwana, ndisaine kuti mbuzi zayamba kudula ziphaso? Poti ndi zimene zikugwiritsa ntchito malowo."

Sanaseke. Anawerenga mabuku anga, nanena kuti limodzi likusowa. Pakhonde panali amuna awiri ovala wamba amene anali atakhala pamenepo ine ndisanalowe. Mmodzi wa iwo anati, "Tiyeni mukafotokoze kutsogoloku, madala. Simuchedwa."

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu kunali kotembenuza: anadya akuluakulu, m'mimba munapota mwa ine.

Kupolisi anandifunsa masiku atatu. Za buku losowalo anafunsa kamodzi kokha, tsiku loyamba. Masiku enawo funso linali la pepala lija. Mmodzi mwa iwo ankakonda kunena kuti, "Inu ndinu wamkulu, musatichititse zinthu zoti tikalape." Lachinayi anazichita zinthuzo. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuchokera tsiku limenelo. Lachisanu ananditengera kundende, kuti ndikadikire mlandu.

Kundende ankatitsekera dzuwa likadali pamwamba, cha m'ma fili koloko masana. M'chipindamo tinalimo ambiri moti kugona kunali kukhala pansi, aliyense pakati pa miyendo ya mnzake. Kumwamba kunali kazenera kamodzi, ndipo kuwala kwake kunkayenda pakhoma pang'onopang'ono ngati nkhono. Amene ndinkamutsamira anali mkulu wina wa kwa Nthache, wogwidwa ndi matumba awiri a makala panjinga. Tsiku lachiwiri anandifunsa.

"Achimwene, inu mwalakwa chiyani?"

"Ndinakana kuona msika."

Kenako anati, "Unali wotani msikawo?"

Ndinayamba ngati nthabwala. Ndinamuuza za malata obiriwira ndi mizere inayi ya mabenchi. Wina kumbuyo anafunsa ngati munali mpopi, ndinati ulimo, pakati penipeni, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Tsiku lotsatira, atangotseka chitseko, mawu anachokera pakona: "A ziphaso, tsegulani msika."

Ndiye ndinkautsegula masana aliwonse. Ndinkayamba ndi m'mamawa, simenti itangokolopedwa kumene, kafungo kake konyowa kakukwera. Kenako amayi ankalowa ndi madengu pamutu, akuyenda mosathamanga chifukwa aliyense anali ndi benchi lake. Tomato ankaunjikidwa anayi pansi, mmodzi pamwamba. Usipa unali mzere wakumadzulo kuti mphepo izitulutsa fungo. Pakhomo panali telala ndi makina ake, mnyamata wina wa mlandu wa ndewu amene anasankha yekha malowo. Wa makala uja anapempha malo pafupi ndi geti lakumbuyo. Ena anamutsutsa kuti makala salowa mumsika wa boma, iye anati, "Uwu si wa boma, ndi wathu," ndipo tinamupatsa.

Tsiku limene ndinkalikonda linali la mvula. Ndinkaigwetsa pamalata, poyamba dontho limodzilimodzi, kenako yamphamvu, anthu onse ali mkati, palibe wothamangira kufunditsa katundu. Chipinda chonse chinkati zii, amuna akuluakulu atatsinzina, kumvetsera mvula mu July. Tsiku lina msilikali wa ndende amene ankaima kuseri kwa chitseko analankhula pakabowo. "Madala, mundisungireko benchi limodzi. Mayi a kunyumba amagulitsa zitumbuwa."

Pofika sabata yachitatu sindinkafunikanso kutsinzina. Ndinkauona msikawo maso ali otsegula, pamwamba pa mitu ya anzanga. Ndinkadziwa benchi limene linali ndi mng'alu ndi lata limene linkadontha. Ndinkaganiza kuti ndapeza mankhwala a ndende, ndipo ndinkadzitama nazo mumtima.

Akazi anga ankabwera Loweruka lililonse. Ulendo wachinayi anabwera atavala chitenje chawo cha masiku onse, koma chinkazungulira kwambiri. Anandiuza kuti malipiro anga anaimitsidwa, mbuzi ziwiri agulitsa, ndipo mwana wathu wamkazi wabwezedwa kusekondale chifukwa cha fizi. Anazinena mofatsa, akuyang'ana manja awo. Sanandiuze kuti ndisaine. Akanandiuza, ndikanakwiya n'kukana.

Lolemba la sabata yachisanu ananditulutsa kupita kukaofesi ka kutsogolo. Abwana anali atakhala momwemo, pepala lija lili patebulo, cholembera pambali pake.

"Sitikukukakamizani," anatero. "Funso ndi limodzi basi. Msikawo munauona?"

Ndinakonzeka kuyankha zamwano, mawu anali kale palilime. Koma kuseri kwa mutu wawo, pamene panayenera kukhala khoma, malata obiriwira anali akuwala. Mpopi unkathira madzi m'ndowa. Amayi ankaseka pamzere wa usipa. Ndinali wotopa, m'menemo munali mthunzi, ndipo ndinali nditanena za msikawo masiku ambiri moti pakamwa panazolowera.

"Ndinauona," ndinatero.

Ndinatenga cholembera chija n'kusaina. Ndinkayembekeza kuti bodza lalikulu chotero lidzalemera, koma linatuluka mosavuta, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa khutu.

Buku losowa lija linapezeka m'mawa mwake, akuti linagwera kuseri kwa kabati. Lachitatu anandibwezera lamba ndi nsapato. Ndikutuluka m'chipinda, wa makala uja anandigwira mwendo. "Ndiye msika watseka, achimwene?" Ndinasolola mwendo wanga n'kutuluka.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji tsiku loyamba. Unakoma, sindingakane. Ndinagona nditatambasula miyendo, mwana anabwerera kusukulu, ntchito anandibwezera. Ofufuza aja anabwera, anawerenga pepala langa, anadya nkhomaliro n'kubwerera. Koma ufulu umenewo ndinagula, ndipo ndalama zogulira sizinali zanga.

Tsiku la msika loyamba nditabwerera, ndinayenda ndi buku langa pakati pa masaka. Panali mayi wina wachikulire wa kwa Kanduku, wogulitsa tomato, amene zaka zonse tinkakangana naye za chiphaso. Ankanditcha khwangwala. Tsikulo anadzuka, anapukuta manja pachitenje, n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Tinamva, bambo. Akuti anakumenyani koma munakanitsitsa kusaina. Pa anthu onse a ku ofesi kuja, munthu ndinu nokha."

Anasankha tomato wamkulu yekhayekha n'kundiikira m'jumbo. Kenako anamasula mfundo yapachitenje, natulutsa ndalama ya chiphaso, ya mtengo wokwera uja, yobwezera ngongole ya denga limene silili pamutu pawo. Kanali koyamba kulipira osanditukwana. Ndinawadulira chiphaso, ndinalandira ndalamayo, ndinalandiranso tomatoyo.

Papita zaka zitatu. Amandipatsabe tomato, ndipo ndimalandirabe. Mayiwo sadziwa kuwerenga, choncho kulemba kokha sikundithandiza kanthu. Mapepala amene ndalembapo nkhaniyi ndikawawerengera ndekha, mokweza, pamsika pomwepo, anzawo onse akumva. Akafuna kunditcha khwangwala, nditchera khutu lakumanja kuti ndimve bwino.