Lusungu Anaima Yekha ku Seshoni

Ndinachoka ku Katowo Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ine ndi Lusungu, mtsikana wa m'kwaya mwathu, tikaonekere ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo. Mlandu wathu unali wakuti ndinamukweza pa njinga pochokera ku kwaya, ndipo pamtsetse iye anandigwira m'chiuno. Basi. Koma pofika mawa lake, pasiteji ponse pankamveka kuti anatiwona tikulowa m'munda wa fodya.

Ine woti ngakhale m'kalasi ndinkanjenjemera poyankha funso, ndikanaima bwanji pamaso pa akuluakulu aja? Ndinauza amayi kuti Katowo wanditopetsa. Sikunali kunama kwenikweni, chifukwa chilembereni mayeso ndinkangokhala pakhonde pa golosale, kusirira mapikapu odutsa. Ndinakwera imodzi. Lusungu sindinamutsanzike.

Ku Lilongwe ndinkatsuka magalimoto, ndipo tinkagona anthu anayi m'kachipinda kamodzi, popanda wolankhula naye Chitumbuka. Ndalama zinali zochepa, komabe ndinkatumiza kangachepe kwa amayi ndi kumpingo, kuti mwina andiiwalire. Mauthenga opita kwa Lusungu ndinkalemba n'kufufuta. Umodzi wokha ndi umene unapita, womufunsa ngati ali bwino: "Uli makora?" Anayankha kuti, "Yewo." Mpaka lero sindidziwa kuti ankathokoza chiyani.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera. Tsiku Lamulungu, mkulu wa mpingo amene anatisumira ku seshoni anandigwira dzanja pakhomo pa tchalitchi.

"Vitumbiko, mwana wathu! Wanenepa chomene! Kakhale kutsogolo, kwaya ikusowa besi."

"Nanga mlandu uja, adada?"

"Aa, mnyamata ndi mnyamata."

Ndili kutsogoloko ndinacheuka. Lusungu anali pabenchi lakumbuyo, la oletsedwa mgonero. Mchemwali wanga, yemwe amaimba nawo kwaya, anandinong'oneza kuti ku seshoni mtsikanayo anaima yekha. Anamuuza kuti avomere tchimo, amukhululukire. Iye anati kukwera njinga si tchimo. Kuyambira tsiku limenelo, m'kwaya anamuchotsa, mgonero sadya, anyamata amamuimbira likhweru pamsika.

Mlandu umodzi, njinga imodzi! Wothawa amupatsa mpando, wonena zoona amutaya kumbuyo. Kodi ndi kwathu kumene ndinkakulakalaka usiku ndi usana kumeneku?

Nyimbo ili mkati ndinanyamuka n'kukakhala pambali pake, mbali ya azimayi. Mpingo wonse unacheuka. Lusungu sanandiyang'ane n'komwe.

"Kukhala pano n'kosavuta, Vitu," anatero chapansipansi. "Akuluwo akukumana Loweruka. Ukawauze zoona ndi pakamwa pako."